Usodzi wa pa bwato: chifukwa chake nsomba zimati lero zatchipa, mawa zasowa

Chaka chilichonse ikafika Juni, nkhani ziwiri zimamveka nthawi imodzi. Pa wailesi, a nthambi yoona zanyengo amachenjeza kuti mphepo ya mwera yalimba pa nyanja ya Malawi, asodzi asalowe m'madzi. Ku msika waukulu wa Lilongwe, kwa Mchesi, ku Kawale kapena pa Nsungwi, mulu wa usipa umachepa pomwe mtengo ukukwera, ndipo ogula amayamba kuloza chala amayi ageni kuti akudula dala. Ikafika Novembala dandaulo limabweranso, ulendo uno la chambo.

Ageni ali ndi mbali yawo, koma kukwera ndi kutsika kwa mtengoku kumayambira kutali, pa dooko. Nsomba zambiri zomwe timadya m'dziko muno zimagwidwa ndi asodzi ang'onoang'ono, osati sitima zamakampani, ndipo chida chomwe chimapezeka pa dooko lililonse ndi bwato. Mukamvetsa zomwe bwato limatha ndi zomwe silitha, zambiri za pamsika zimayamba kumveka.

Bwato ndi boti si chinthu chimodzi

Bwato ndi thunthu limodzi la mtengo lomwe alisema mkati. Boti ndi la matabwa okhomedwa, lalikulu, ndipo kumbuyo kwake amatha kumangako injini. Kusiyana kumeneku ndiye kumalamula kuti msodzi apita patali bwanji, anyamula zochuluka bwanji, komanso abwerera liti.

Wosema amafuna mtengo woongoka, wonenepa, wopanda mphako. Akaugwetsa amadula chipika cha mamita 4 mpaka 7, n'kuyamba kuchikumba mkati ndi nkhwangwa, kenako kusalaza ndi kasemasema. Luso lili pa kuchindikala. Pansi amasiya pochindikala kuposa m'mbali, kuti kulemera kukhale m'munsi komanso kuti pasabooke msanga ndi kukhwekhwereza pamchenga. Mbali ziwirizo zikasiyana kuchindikala, bwato limapendekera mbali imodzi moyo wake wonse, ndipo wopalasa amangokhalira kulimbana nalo. Mabwato a pa nyanja ya Malawi amakhala ndi kamwa kakang'ono, milomo yake yopindikira mkati kuti mafunde asamathire madzi. N'chifukwa chake msodzi salowa thupi lonse: amakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo yokha ndiyo ili mkati.

Kale ankasema mbawa, mlombwa ndi mitengo ina yolimba, ndipo bwato lotere linkatha zaka zoposa 10. Mitengo imeneyi ya msinkhu wa bwato yatha m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndipo yotsalayo ili m'nkhalango zotetezedwa. Lero osema akugwira mango, malaina, paini ndi bulugama. Mitengo yofewa imamwa madzi, imalemera, imawola, ndipo msodzi amafunanso lina patangopita zaka zochepa. Mdani wina ndi dzuwa. Bwato likakhalitsa pamtunda osalifunditsa limang'aluka, kuyambira kumapeto. Ming'alu amaitseka ndi nsanza zothira phula, kapena pulasitiki wosungunula, pamwamba n'kukhomerapo kachidutswa ka lata. Chigamba chotere chimagwira madzi akakhala bata. Mafunde akamenya ndi pomwe chimaulula kuti chinali chosakhalitsa, ndipo m'bwato lililonse mumakhala chigubu chodula chokapira madzi.

Ubwino wa bwato ndi woonekeratu. Silifuna petulo, limalowa m'bango ndi m'madzi osaya momwe boti silingadutse, amuna awiri kapena atatu amalikokera pamtunda, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi boti ndi injini. Koma ubwino womwewo ndiwo uli ndi vuto lake. Popeza kulowa usodzi wa pa bwato n'kosavuta, chaka cha njala kapena cha kusowa kwa ntchito anthu amachuluka pa dooko. Ndipo popeza mphamvu yake ndi nkhafi ndi mapewa, onsewo amaunjikana m'madzi a kufupi ndi gombe, komwe n'komwenso nsomba zambiri zimaswanirana.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo pena imazama pafupifupi mamita 700. Koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi, madzi ake alibe okosijeni, mpweya womwe nsomba zimapuma, choncho kumeneko kulibe nsomba. Zilipo zomwe zimakhala pakati penipeni pa nyanja m'madzi a pamwamba, monga ndunduma ndi mcheni, koma wa bwato safikako kawirikawiri. Nyanja ndi yaikulu, koma gawo lomwe msodzi wa nkhafi angagwirepo ntchito ndi kachingwe kopyapyala ka m'mphepete.

Matchera, chilimira ndi zina

Matchera ndi ukonde wotchera womwe umaima m'madzi chilili. Chingwe cha pamwamba chimakhala ndi zoyandama, nthawi zambiri zidutswa za masilipasi akutha kapena zigubu, ndipo cha pansi amamangirira miyala. Amuna awiri amakatchera madzulo, n'kukaonjola mbandakucha. Nsomba imalowetsa mutu m'diso la ukonde, ikafuna kubwerera imakodwa kuseri kwa mutu. Ndiye kuti kukula kwa maso ndiko kumasankha nsomba: maso aakulu amalola tiana kudutsa, ang'onoang'ono amagwira ndi kasawala yemwe, amene ndi chambo chosakhwima. Kummwera kwa nyanja, malamulo amafuna maso osachepera mamilimita 95.

Zolakwika pa matchera n'zambiri. Miyala ikachepa, madzi akamayenda amaunyamula ukonde n'kuupotokola, ndipo m'mawa mumavuula chingwe chopiringizika chopanda kanthu. Mukachedwa kuonjola nyengo yotentha, nsomba zomwe zinakodwa chakumadzulo zimakhala zitayamba kale kufewa. Nkhanu ndi akatumbu amadyera pomwepo n'kusiya mitu. Palinso akuba, omwe amavuula ukonde wonse usiku, ndiye asodzi ena amagona pamadzi pomwepo kulondera, zomwe zimawaika pangozi mphepo ikasintha. Ena safuna kudikira: amamenya madzi ndi zibonga kuti nsomba zithawire mu ukonde. Njirayi amaitcha chiombera, ndipo malamulo amailetsa.

Chilimira ndiye mwini wa usipa womwe umadzaza misika ya mu Lilongwe, ndipo ndi ntchito ya gulu. Ndi ukonde waukulu wokokera pakati pa madzi, osati pagombe, ndipo pakati pake pali thumba la maso ang'onoang'ono. Pamafunika zombo zitatu, kawirikawiri boti limodzi ndi mabwato awiri, ndi anthu pafupifupi 9 kapena 10. Okoka ukonde amatchedwa alovi. Pali munthu mmodzi yemwe usiku wonse umadalira iye: siginala, amene amakhala yekha m'bwato lokhala ndi nyali.

Ntchito imayenda motere. Gulu limanyamuka dzuwa likamalowa. Akafika pamalo, siginala amapatuka n'kuyatsa nyali zomangidwa pa mtanda kumapeto kwa bwato. Kale zinali nyali za parafini zopopa, lero ambiri ali ndi mababu oyendera batire. Kuwalako kumakoka tizilombo tosaoneka bwino ndi maso tomwe usipa umadya, ndipo usipa umatsatira. Siginala amadikira, nthawi zina ola lathunthu kapena kuposa, akuyang'ana m'madzi ndi kumvetsera. Akaona kuti nsomba zasonkhana, amachepetsa kuwala kuti zithinane pansi pa bwato lake, n'kuitana anzake. Zombo ziwiri zija zimaponya ukonde mozungulira, zimakumana, alovi n'kuyamba kukoka zingwe mofanana mbali zonse. Ukonde ukamatsekeka, siginala amapalasa pang'onopang'ono kutsogolera nsomba ku thumba, kenako amadumphitsa bwato lake pa chingwe cha zoyandama n'kutuluka.

Pali malo anayi pomwe kukoka kumalephereka. Siginala akaitana msanga, nsomba zimakhala zisanasonkhane. Akapalasa mothamanga, zimabalalika. Mbali imodzi ikakoka mwamphamvu kuposa inzake, ukonde umapendekeka ndipo nsomba zimatulukira pansi. Ndipo akaponya mosayang'ana komwe madzi akulowera, ukonde umadzipinda wokha. Usiku umodzi amaponya kangapo, ndipo sizachilendo kuponya kasanu n'kupeza ndiwo za pakhomo zokha. N'chifukwa chake siginala wodziwa amalimbiranidwa, ndipo eni zida amamunyengerera ndi ndalama za patsogolo.

Chilimira chomwecho chimagwira utaka masana pa virundu, yomwe ndi miyala yotumphuka pansi pa nyanja pomwe utaka umasonkhana kudikira chakudya chobwera ndi madzi. Malo amenewa alibe chikwangwani. Asodzi amawapeza polunjikitsa phiri ndi mtengo wa kumtunda, ndipo nzeru imeneyi sapatsa mlendo wamba.

Zida zina tingozitchula mwachidule. Khoka amaliponya ndi bwato koma amalikokera pagombe. Nkacha ndi ukonde wa ku nyanja ya Malombe makamaka, ndipo munthu amamira kukamanga pansi pa ukonde. Mbedza zambiri zomangidwa pa chingwe chimodzi chachitali, nyambo yake usipa, zimagwira kampango ndi bombe. Mono ndi wa m'mitsinje ndi m'madambo.

Mwezi ndi mphepo

Usodzi wa nyali umadana ndi mwezi. Mwezi ukawala, nyanja yonse imayera ndipo nyali ya siginala imasowa mphamvu, usipa n'kumwazikana. Masiku oyandikira mwezi wathunthu magulu ambiri amapuma, kusoka maukonde ndi kumata mabwato. Mdima ukabwerera, usipa umabwereranso. Ngati mumagula usipa kawirikawiri, yesani kuyang'ana kumwamba: mtengo mu Lilongwe umakonda kukwera patangopita masiku ochepa mwezi utakhwima, katundu wakale akamatha.

Mphepo ndiyo yaikulu. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndipo umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Popeza nyanja yathu inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto, mphepoyi imayenda mtunda wautali pamadzi popanda chotchinga, ndipo mafunde amakula akamapita. Ukalusa umatha masiku angapo osaleka. Mpoto umabwera nyengo ya mvula, nthawi zambiri modzidzimutsa, pamodzi ndi mabingu. Asodzi ambiri amaopa mpoto mwa njira ina: mwera umaonekera patali, pomwe namondwe wa dzinja amakupezani muli pakati, nyali zili chiyakire.

Bwato lilibe msana wa pansi woliletsa kugubuduka. Limakhazikika chifukwa cha thupi la wopalasa. Funde amalilandira ndi mutu wa bwato, mopendeketsa pang'ono, osati ndi nthiti. Ngozi zambiri zimachitika m'njira zodziwika: bwato ladzaza nsomba ndi ukonde wonyowa mpaka milomo yatsala pang'ono kukhudza madzi, wina waimirira kuti akoke ukonde womwe wakodwa pa mwala, kapena afika kale pagombe, funde losweka n'kulimenya cham'mbali. Pamenepa pali chinthu chowawa: tsiku lomwe mwapha zambiri ndi lomwenso bwato limakhala losatetezeka, ndipo kutaya nsomba m'madzi kuti mupulumuke ndi chiganizo chomwe ambiri amachedwa nacho.

Likagubuduka, bwato la mtengo nthawi zambiri silimira msanga. Odziwa amalangiza kuligwiritsitsa m'malo mosambira kulunjika kumtunda, chifukwa gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili, ndipo ofunafuna amaona bwato msanga kuposa mutu wa munthu. Choopsa china ndi ukonde womwe, umene umakola miyendo. Majekete oyandamitsa munthu alipo, koma ndi ochepa omwe amavala. Ena amati ndi odula, ena amati amatentha ndi kusokoneza pokoka, ndipo ena amangodalira kuti anakulira m'madzi.

Komabe mwera womwewo ndi umene umadyetsa nyanja. Ukamakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, madzi ozizira a pansi amakwera cha kummwera, atanyamula chonde chomwe chinadikha. Chondecho chimameretsa ndere ndi tizilombo tomwe usipa ndi utaka zimadya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe madzi a ku Mangochi ndi Salima ali ndi nsomba zambiri. Usipa umakhala moyo waufupi, pafupifupi chaka chimodzi, choncho chaka chomwe tiana tapeza chakudya umasefukira, chaka chomwe tasowa umazimirira. Kusowa kwa usipa chaka chimodzi sikutanthauza kuti watha. Nkhani ya chambo ndi ina, tiifika.

Ndalama zimagawidwa bwanji

Ambiri omwe mumawaona akupalasa si eni ake a zida. Dongosolo lake likufanana ndi la njinga zamoto za kabaza m'tauni muno: wina ndi mwini, wina ndi woyendetsa, ndipo tsiku loipa limapweteka woyendetsa poyamba. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dooko nthawi zambiri sapangana ndalama yokhazikika, amagawana zomwe zapezeka.

M'madooko ambiri amayamba achotsa zolowa: petulo ngati pali injini, kutchaja mabatire, chakudya. Zotsala amazigawa pakati, theka la mwini zida, theka la alovi, ndipo siginala amalandira gawo lokulirapo. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Gulu lagulitsa nsomba za K300,000, zolowa zinali K100,000. Zatsala K200,000. Mwini watenga K100,000, ndipo anthu 10 agawana K100,000 inayo. Mawa lake apita, apeza za K60,000 zokha. Zolowa sizinabwerere, ndipo m'magulu ena ngongoleyo amaidula pa tsiku lotsatira labwino. Mlovi akhoza kugwira ntchito usiku atatu n'kulandira za usiku umodzi.

Mwini naye sagona tulo. Ukonde ukang'ambika pa miyala, ukabedwa, kapena ukalandidwa, ndi wake. Ulusi, maukonde ndi zida za injini zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mitengo yake imakwera nthawi yomweyo, ndipo petulo akasowa mu Lilongwe amakhala atasowanso ku Senga Bay. Nthawi zoterezi wa bwato la nkhafi ndi amene amapitabe pamadzi, eni injini ali pamzere.

Tsiku la nsomba zambiri silikhala la phindu nthawi zonse. Magulu onse akakocheza odzaza m'mawa umodzi, ogula amakhala omwewo, ndipo nsomba siyidikira. Mtengo wa kandowa ka malita 5, komwe amayezera usipa, umatha kugwa dzuwa lisanakwere. Msodzi alibe pouika, agulitsa basi. Tsiku la nsomba zochepa zinthu zimatembenuka: ogula ndiwo amalimbirana, ndipo apa ndi pomwe pamachokera mchitidwe womwe mabungwe azaumoyo akhala akulimbana nawo, woti amayi ena amakakamizika kugonana ndi asodzi kuti apeze mwayi wogula. Onjezanipo likodzo, malungo, ndi kolera yemwe anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023. Munthu wokhala pamadzi usiku wonse amamwa madzi omwewo.

M'mitsinje ndi ku Chilwa

Mtsinje uli ndi malamulo ake. Madzi amayenda, ndiye powoloka salunjika tsidya, amalozetsa mutu wa bwato kumtunda kwa madzi n'kulola kuti limutsetserese. Pansi pamakhala zitsa ndi mitengo yomira yomwe imang'amba ukonde ndi kugubuduza bwato. Kumunsi kwa Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, dambo la Elephant Marsh limapatsa anthu mlamba ndi mphende, koma namasupuni amatseka njira, ndipo ng'ona ndi mvuu ndi za tsiku ndi tsiku. Ng'ona imagwira nthawi yoonjola, manja ali m'madzi, pamalo pomwe munthu amabwera nthawi yofanana masiku onse. Mvuu siidya munthu, koma ya mwana, kapena yomwe mwaitsekera njira yopita kozama, imaphwanya bwato.

Mitsinje ina ikutikhudza ife a ku Lilongwe mwachindunji. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja ku Salima. Bua amachokera ku Mchinji n'kukathira ku Nkhotakota. Mpasa ndi sanjika zimakhala m'nyanja koma zimakwera mitsinje ngati imeneyi kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Zikakumana ndi maukonde otchinga pakamwa pa mtsinje, kapena biyo, mpanda wotseka mtsinje wonse, kapena katupe, mankhwala a zitsamba omwe amapha chilichonse m'dziwe, sizifika. Zikafika n'kupeza timiyala tija takwiririka ndi dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa mitsinje, mazira amafa. Ntchila, yomwe m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri, inkaswanso m'mitsinje, ndipo lero achinyamata ambiri sanaionepo.

Nyanja ya Chilwa ndi ina ndi ina. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo m'malo ambiri bwato amaliyendetsa ndi nsungwi yaitali yoponda pansi. Asodzi ena amakhala milungu pa zimbowera, tinyumba tomangidwa pa udzu woyandama. Chaka chabwino Chilwa imatulutsa matemba, makumba ndi mlamba zochuluka zedi. Koma inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope, mabwato ali gone pa dooko la Kachulu. Nsomba zimapulumukira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, ndipo madzi akabwerera zimaswananso m'zaka zochepa. Chilwa ikauma, asodzi ake amasamukira ku Malombe, ku Chiuta ndi ku nyanja yaikulu, n'kukachulukitsa mabwato kumeneko. Madzi kuchuluka nakonso kuli ndi mavuto ake: mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kumiza magombe, nyumba ndi malo oyanikapo nsomba m'madera ambiri.

Nyengo yotseka, ndi mkangano womwe ulipo

Chambo sichiswana ngati usipa. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga m'madzi osaya. Chachikazi chimatenga mazira n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo chimapita ndi anawo m'malo a udzu ndi bango kufupi ndi gombe. Chimaikira mazira ochepa poyerekeza ndi nsomba zina, ndipo chimatenga zaka kuti chikhwime. Khoka likamakokedwa pansi limafafaniza zisa, limazula udzu, ndipo mayi mmodzi akagwidwa amafa ndi ana ake onse. Ukonde wa udzudzu ukasokeredwa ku thumba, palibe chotsala.

N'chifukwa chake pa nyanja ya Malawi makoka amaletsedwa nyengo yoswana, yomwe imaphatikizapo Novembala ndi Disembala, ndipo Malombe ndi Chilwa zili ndi nyengo zawo. Chambo chosafika masentimita 15 n'choletsedwa kugwira. Lamulo lalikulu ndi la 1997 loona za kasamalidwe ka nsomba, lomwe linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Izi zinayambira ku Malombe mu 1993, chambo chitagwa kwambiri kumeneko, pomwe anakhazikitsa makomiti a pa dooko omwe ambiri amangowatchula kuti BVC.

Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri chili pafupi nafe, pa chilumba cha Mbenje ku Salima, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu umatseka chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala, n'kudzatsegula ndi mwambo cha mu Epulo. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga, ndipo akazi sapitako. Wolakwa amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje umadziwika ndi kukula kwake. Ena amaona kuti njira imeneyi ingafalikire kwina. Ena amakumbutsa kuti chilumba n'chosavuta kulondera kusiyana ndi gombe lotseguka, ndipo lamulo loletsa akazi si aliyense angalivomere.

Mbali zonse zili ndi mfundo. A nthambi ya zausodzi amati mabwato ndi maukonde achuluka kuposa nsomba, ndipo zida zoletsedwa, monga maukonde a ulusi umodzi woonekera ngati galasi, zikupha mbewu. Ukonde wotere ukatayika suwola msanga, umapitiriza kugwira nsomba pansi popanda woonjola. Asodzi ang'onoang'ono amayankha kuti ukonde wovomerezeka ndi wodula ndipo masiku ano umabwera wopanda kanthu, kuti nyengo yotseka imagwera pomwe chimanga chatha m'nyumba ndipo feteleza akufunika, komanso kuti sitima zokoka maukonde zimalowa m'madzi osaya momwe siziloledwa n'kudula matchera awo. Eni sitima amati iwo amalipira ziphaso ndipo amafika kozama komwe bwato silifika. Mamembala a BVC ali pakati: wolakwayo ndi mlamu wawo, ndipo alibe boti lolonderera.

Chomwe sichikutsutsidwa ndi aliyense ndi kusintha kwa zomwe zili m'bwato. Kale dzina la nyanja yathu linali chambo. Lero gawo lalikulu la nsomba zogwidwa ndi usipa. Kulemera kwa nsomba zonse pamodzi kukhoza kuoneka bwino m'mabuku, pomwe nsomba zikuluzikulu zikucheperachepera.

Kuchokera pa dooko kufika pa Nsungwi

Kuchokera ku Salima kufika mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, koma wotchi ya nsomba imayamba kuwerenga ikangofa, osati ikakwera galimoto. M'bwato mulibe ayezi. Chambo chomwe chinakodwa pakati pa usiku chimafika pagombe chitatha kale maola angapo, ndipo ayezi woikidwa mochedwa amangoimitsa kuwonongeka pomwe kwafika, sabweza.

N'chifukwa chake nsomba zambiri zimabwera zouma. Usipa amauyanika pa thandala, kapena amaufutsa, kutanthauza kuuviika kanthawi kochepa m'madzi owira a mchere usanayanikidwe, kapena amaukazinga m'mafuta. Mlamba, kampango ndi chambo amaziwamba pa moto, ndipo nkhuni zake zikudula chaka ndi chaka. Dzinja ndiye nthawi yotaya: usipa ukagwidwa wambiri kumwamba kuli mitambo masiku awiri, umanunkha pa thandala pomwepo, umachita nkhungu, kapena umauma mochedwa n'kumawawa. Woumitsa amawerengera zotayikazo pa mtengo wa zomwe zapulumuka. M'madooko ena muli matenti a pulasitiki oumitsira ndi dzuwa omwe amateteza ku mvula ndi ntchentche, koma ndi ochepa poyerekeza ndi nsomba zomwe zimatsika.

Pogula chambo chachiwisi, maso akhale owala osati olowa mkati, mopumira mwake kuseri kwa mutu mukhale mofiira osati motuwa, ndipo mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Usipa wouma bwino umathyoka, supindika, ndipo pansi pa mulu sipakhala ufa wambiri. Mukaona timiyulu ta kasawala tosafika chikhatho m'mwezi wa Disembala, dziwani kuti tinagwidwa kufupi ndi gombe, ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, m'nyengo yotseka.